Chitenje cha Pazenera

Masiku ano khanda silituluka m'chipatala mpaka kagetsi koyeza mpweya wa m'nyumba kawale mobiriwira. Kwa Nankhoma kankangofiira, mwana wake akudikira kuchipatalako. Sefa ya mpweya ya pazenera inali itatsekeka ndi fumbi, yatsopano osapezeka. Nankhoma anang'amba chitenje chake cha paukwati n'kuchikunga m'malo mwa sefayo.

Kagetsi katangobiriwira, amuna ake analowa ndi mbaula ikufuka.

"Mwana adzapeze nyumba yofunda," anatero.

"Bambo a Limbikani, chitenje changa chifere utsi wanuwo? Tulukani nayo!"

Namwino atafika ndi khandalo, anayang'ana kagetsi, kenako maluwa a nsalu pazenera.

"Sefa imeneyi munagula kuti, mayi?"

"Siyogula iyo, ndinakwatiwira momwemo," anatero Nankhoma, manja atatambasula kale. "Ndipatseni mwana wanga."