Loweruka la Ng'ombe pa Msewu wa ku Innsbruck

Panali munthu wina wa ku Munich, dzina lake Gernot. Nkhani yake ndinaimva kwa mnzanga amene amagwira ntchito kunyumba yosungirako okalamba ku Innsbruck, ndipo akuti ndi yoona.

Mayi ake a Gernot, a Hedwig, anabadwira kumapiri a ku Tirol, dera lomwe kuli Innsbruck. Achemwali awo, a Vroni, ndiwo ankasungidwa kunyumba ya okalamba ija. Awiriwa anali asanaonane kwa zaka, poti miyendo ya a Hedwig inali itakana za sitima. Tsiku lina namwino anaimba foni.

"Ngati mukufuna akuzindikireni, musachedwe, ndipo mudzafike m'mawa. Akangodya chamasana mutu umasokonekera, sadziwanso munthu."

Gernot anati awaperekeza pa galimoto Loweruka. Sanali mwana woipa. Ankafuna kuti ulendowo ukome: adzere msewu waung'ono wa m'mbali mwa nyanja, aone amayi ake aakuluwo, kenako ayendeyende mumzinda wakale, adye bwino, abwerere kusanade.

"Mwanawe, ino ndi nyengo yotsitsa ng'ombe kuchokera kumapiri," anatero a Hedwig. "Loweruka m'midzimo simudutsika. Tidzere msewu waukulu."

"Amayi, zimenezo n'za m'nthawi yanu. Foni ikuti njira ili bwinobwino."

"Foni yakoyo inawetapo ng'ombe?"

Gernot anaseka. A Hedwig sanabwerezenso. Munthu wokwezedwa galimoto sachulutsa zonena.

Ananyamuka m'mamawa. Atadutsa malire a dziko, pamudzi wina, galimoto zonse zinayamba kukwawa. Kutsogolo kunkamveka mabelu okhaokha a m'khosi mwa ng'ombe. Ng'ombe zovekedwa maluwa kumutu zinadzaza msewu wonse, zikulowera komwe iwo ankapita. Kumbuyo mzere wa galimoto, uku mtsinje, uku phiri. Potembenukira panalibe.

"Zisiye, zikhota posachedwa," anatero a Hedwig.

Gernot anayang'ana wotchi, nayang'ananso. Kenako anakanikiza hutala, osaisiya.

Ng'ombe ina yaing'ono inadzidzimuka, inaterereka, n'kugwera m'ngalande. Gulu lonse linaima. Mwini ng'ombe, bambo wamtali wa ndevu zaimvi, anabwera n'kugogoda pawindo.

"Achimwene, ng'ombezi zayamba kutsika inu muli m'tulo. Inu mwangokhala pampando. Wotopa ndani?"

"Ndili ndi wodwala ku Innsbruck!"

"Nanenso ndili naye tsopano, uyo ali m'ngalandemo. Zimitsani injini. Hutalayo mukawaimbire kwanu."

Mwini ng'ombeyo anapita kukaitana thirakitala ndi zingwe. Dzuwa linakwera. A Hedwig anali m'galimoto, manja ali pachikwama. Mayi wina wa nyumba ya pamsewupo anawaona, anabwera n'kuwagwira mkono, nawalowetsa m'nyumba kuti adzithandize. Atatuluka anawaikira mpando pamthunzi ndi kapu ya tiyi. Sanawafunse kalikonse. Ngakhale Gernot, amene mudzi wonse unkamuyang'ana ndi diso loipa, anamuikira buledi ndi tchizi pamwamba pa galimoto, n'kuchokapo osamuyang'ana.

Ng'ombe inatuluka ikutsimphina. Msewu unatseguka chakudya chamasana chitapita kale.

Ku Innsbruck anapeza a Vroni atakhala pawindo, atavala diresi la kutchalitchi. Mnzanga uja anawanong'oneza kuti a Vroni analiitanitsa okha m'mawa, anapempha awapese tsitsi, ndipo ankauza aliyense wodutsa kuti Hedwig akubwera.

"Achemwali, ndine. Ndafika."

A Vroni anamwetulira mwaulemu. "Zikomo, mayi. Mwadzaona ndani?"

"Inuyo. Ndine Hedwig."

"Ayi, Hedwig ndi mng'ono wanga, ndi kamwana. Ndikukadikira pano. Sikadziwa njira. Mukakaona panjapo mukauze kafulumire."

A Hedwig anakhala pansi pang'onopang'ono. "Ndikauza," anatero.

Mnzanga anabweretsa mpando wina wa Gernot, koma iye anangoima pakhomo, makiyi a galimoto ali m'manja. Mumzinda wakale uja sanapondemo. Pobwerera panalibe amene anayatsa wailesi.

"Amayi, tibweranso Loweruka likubwerali. Pa msewu waukulu."

"Chabwino, mwanawe."

Sanamukalipire, ndipo akuti chimenechi ndicho chinamupweteka kwambiri.

Anabweradi, pa msewu waukulu, m'mawa ndithu. Koma matenda aja sadikira. M'sabata imeneyo m'mawa wa a Vroni unali utapita nawonso. Anawalandira ngati alendo, n'kuwafunsanso za kamwana kaja.

Mpaka lero Gernot amawabweretsa mayi ake kawiri pamwezi. Iye amatsala m'khonde, maso ali ofiira ndi ulendo. A Hedwig amakoka mpando, n'kukhala pawindo pambali pa achemwali awo. A Vroni amawakonda ndithu, amawatchula kuti mayi achifundo aja. Awiriwo amayang'ana pamsewu limodzi, kudikira Hedwig.

Phunziro: Wamkulu akakuuza za njira ya kwawo, mvera, ngakhale foni itanena zina. Ukamapita kukaona wodwala, dzera njira yofika msanga, zokongola udzaziona pobwerera. Ndipo ukachedwa, phuma silichepetsa kuchedwako, limangokuwonjezera. Chonde tumizirani ena nkhaniyi, makamaka amene ali ndi wokalamba amene akuwadikira pawindo.