Benchi ya Alamu

"Taonani, wina uyo walowanso!" anatero wometa tsitsi, mphuno itagunda galasi la pawindo la shopu yake.

Tsidya lina la msewu, benchi ya mlamu wake inali yodzaza. Mlamu yemweyo amene iye anamuphunzitsa kugwira makina ometera anali atatsegula shopu yakeyake, ndipo anthu ankachita kulimbirana.

"Khazikani mtima pansi, bambo," anatero mkazi wake, yemwe anamubweretsera chakudya. "Achimwene anga akulakwirani chiyani? Makasitomala anu akale sanakuthaweni."

"Ameneuja pali chimene akudalira. Kumeta kokha sikungakoke anthu chonchi. Ndikadzionere ndekha."

Anakhoma chitseko, n'kuwoloka msewu, n'kukakhala pabenchipo akumwazamwaza maso kufunafuna chithumwa. Mlamu wake atamuona anasekerera.

"Alamu! Aphunzitsi anga angadikire pamzere? Bwerani pampando!"

Asanatsegule pakamwa anali atamukulunga kale nsalu m'khosi, makina akulira m'mutu. Chithumwa sanachione. Panali galasi, chipeso ndi kabulashi, zofanana ndendende ndi zake.

Kenako m'galasimo munaonekera nkhope yodziwika. Anali telala wokalamba, kasitomala wake wa zaka zambiri, ataima pakhomo.

"Ndapeza kwanu kuli kotseka," anatero telalayo. "Anthu akamandiuza kuti kuno amameta bwino ndimawatsutsa. Koma ngati inuyo eniake mukumetetsa kuno, ine ndine ndani?"

Anavula chipewa n'kukhala pabenchi.