Maliro a Lufeyo Ali M'njira

Kuyambira pomwe boma linaletsa anthu kudutsa malire, omwalira ku Joni amabwera ngati katundu, aliyense ndi nambala yake. M'mawa uliwonse Nasibeko amalemba pafoni nambala ya mwamuna wake Lufeyo. Masabata asanu atha, yankho ndi lomwelo: "Katundu wanu waperekedwa ku kampani ina."

Adzukulu anakumba kale manda. Poti manda sagona opanda kanthu, Yotamu, mkulu wake wa malemuyo, amagonekamo thunthu la nthochi, likawola n'kukadula lina.

Lero foni yalira: "Katundu wafika. Zikomo."

Nasibeko anathamangira kumsewu, koma anangopeza fumbi.

"Alamu, titani tsopano?" anafunsa atabwerako.

Yotamu anatenga chikwanje. "Nthochi yatsala imodzi, alamu. Tiike yomweyo, tikwirire."