Bawo ya Lolemba

Ku Chamwavi madzi ankabwera ndi bawo. Banja likapambana bawo ya pafoni, mpopi unkalitsegukira tsiku limenelo. Likaluza, ndowa zinkabwerera zouma. Kuti anthu asatope nayo, makina ankasintha malamulo Lolemba lililonse.

Sabata imeneyo anachotsa mzere wakumbuyo. Bambo ake a Tionenji, amene kale palibe ankawagonjetsa m'mudzi monse, ankaiwalabe n'kumasungira njere kumzere womwe kunalibe. Analuza masiku atatu otsatizana. Mayi anasiya kuchapa, mbale ankangozipukuta ndi phulusa. Palibe anadandaula.

Lachinayi mayi anati, "Abambo ake, mpatseni mwanayu foniyo."

"Ameneyu? Bawo yeniyeni anaionapo?"

"N'chifukwa chake. Alibe choti aiwale."

Tionenji anasewera osamva kalikonse mumtima, ngati akusankha nyemba. Foni inalira kuti wapambana.

Pochokera kumpopi atasenza ndowa, anapeza bambo ake kuseri kwa nyumba atakumba timaenje pansi, mizere inayi yonse, akusewera okha ndi timiyala.

"Ababa, madzi aja ndi awa."

"Ika pompo," anatero osadzutsa mutu. "Ndikupambana."