Nambala ya mkamwini

Panali mayi wina ku Namitambo, dzina lake Ellina, amene anamaliza maphunziro a uphunzitsi n'kumadikira ntchito. Masatifiketi ake ankawasunga m'sutukesi kunsi kwa bedi.

Mnzake Tracy, amene anaphunzira naye limodzi uphunzitsi, anamulangiza kuti, "Asisi, mapepalawa ajambuleni pafoni, muwasandutse PDF, muwasunge pa intaneti. Zonsezi n'zaulere. Koma akauntiyo mutsegule ndi nambala yanu, pasiwedi mudziwe nokha."

Ellina anaseka. "Zimenezo andipangira a Geoffrey. Si amuna anga kodi?"

Geoffrey anali mkamwini pamudzipo. Anajambuladi mapepala onse n'kuwasunga bwinobwino, koma akauntiyo anatsegula ndi nambala yake. Tracy akamukumbutsa kuti asinthe, Ellina ankangoti mawa. Pakadafunda padajiwitsa galu, abale.

Banja linasokonekera. Tsiku lomaliza Ellina anamulalatira mwamunayo pamaso pa ankhoswe. "Munabwera ndi kachikwama kokha pamudzi pano, nyamulani komweko muzipita!" Geoffrey ananyamula kachikwamako, ulendo wa ku Limbe.

Dzinja lotsatira mvula inagwetsa khoma la kuchipinda. Potsegula sutukesi, mapepala onse anali phala lokhalokha. Pasanathe mwezi ntchito ija inalengezedwa, ndipo masatifiketi ankafunika pofika Lachisanu. Kukapempha masatifiketi ena kukanatenga miyezi.

Ellina anathamangira kwa Tracy kuti akamuthandize kutsegula akaunti ija. Koma pasiwedi Ellina sankaidziwa. Atayesa kuisintha, foni inalemba kuti manambala otsegulira atumizidwa ku nambala ya Geoffrey. Ellina anameza manyazi n'kumuimbira.

"A Geoffrey, chonde, pafoni panupo pabwera manambala sikisi. Mungondiwerengera basi."

"Ndawaona," anatero Geoffrey. "Paja munati ndinyamule kachikwama kanga? Foniyi inali momwemo, mayi."

Anadula. Ellina anaimba mpaka Lachisanu kunada, foni ikungoitana. Tracy analembedwa ntchito. Ellina lero amagulitsa tomato pamsika, ndipo ana a sukulu akamadutsa iye amayang'ana kumbali. Chowawa n'chakuti masatifiketi ake alipobe, onse bwinobwino, kungoti kiyi wake ali m'thumba mwa munthu amene anamuthamangitsa yekha.

Phunziro: Sungani mapepala anu pa intaneti, inde, koma nambala ikhale yanu, pasiwedi ikhale yanu. Chikondi chimatha, satifiketi imafunikabe. Tumizirani abale ndi anzanu onse, makamaka amene amati "amandipangira ndi abambo akunyumba", asanamve nkhwangwa ili m'mutu.