Fulashi ya Akatswiri pa kiyibodi ya eni

Panali munthu wina amene anzake ankamutchula monyogodola kuti Akatswiri, chifukwa pakamwa pokha zonse ankazitha. Nkhaniyi wandiuza ndi munthu amene analipo, ndiye musati ndikupeka.

Mkazi wa Akatswiri anali ndi mawu oti akayamba kuyimba akuchapa, aneba ankatsitsa wailesi. Tsiku lina mkulu wa bandi ya pa hotela ina anamumva n'kumuuza kuti, "Mayi, tikusowa woyimba. Mubwere Loweruka tidzakumveni, ndipo mubwere ndi wokuyimbirani kiyibodi." Mayiyo analira ndi chimwemwe, poti mwayi umenewu ankaulakalaka kuyambira ali mtsikana.

Mchimwene wake wa mayiyo, amene kiyibodi ankaitha zenizeni, anadzipereka kuti apita naye. Akatswiri nsanje inawagwira.

"Alamu, mkazi ndi wanga, kiyibodi ndili nayo, zala ndili nazo. Inu pumulani."

Koma zoona zake, munthuyu kiyibodi sankaitha. Anali ndi nyimbo zokonzedwa kale mu fulashi, kachipangizo kosungira zinthu, momwe manambala ankauza kiyibodi chida choti ilize. Ankangoilowetsa m'kiyibodi, kudina batani mobisa, n'kumayendetsa zala pamwamba uku akugwedeza mutu ngati zamulowa m'magazi. Ngakhale mkazi wake ankakhulupirira kuti mwamuna wake ndi dolo.

Mlamuyo anati, "Chabwino alamu, koma pitani lisanafike tsikulo mukayese pa zida zawo. Kiyibodi yanuyi ili ndi kabowo kakang'ono ka mahedifoni basi, pomwe mikisa yawo, makina opititsa mawu ku masipika, imafuna waya wa jaki yaikulu, kamutu kolowetsa kaja. Komanso musadzadalire kiyibodi ya eni. Yanuyi imasanja mawu m'njira yakeyake, sitsatira ndondomeko imene makiyibodi ambiri amamvana. Nambala imene kwa inu ndi piyano, kwina ndi chinthu china."

"Aaa alamu, mwayamba sukulu? Waya ndi waya basi."

Loweruka linafika zinthu zili balala. Akatswiri anachedwa kudzuka, malaya osasita, minibasi kuwasiya, mkazi akungoyang'ana nthawi pa foni mtima uli m'mwamba. Ali panjira m'pamene anakumbukira za jaki. Anathamangira kwa wogulitsa mawaya m'mbali mwa msewu.

"Iyi imalowa paliponse bwana, ngakhale pa ndege," anatero wogulitsayo. Akatswiri anangoiponya m'thumba osaiyesa.

Atafika mu holo ya hotela anapeza oyimba ena ali pamzere, bandi yonse itakhala kutsogolo. Dzina la mayi uja linaitanidwa. Akatswiri analumikiza waya wawo uja ku mikisa, ndipo masipika anangoti ng'uuu! Anthu anatseka makutu. Anazula, n'kulowetsanso, phokoso lomwelo. Anagwedeza wayayo, mawu n'kutulukira sipika imodzi, kenako zii. Thukuta linayamba kutsika m'khosi.

"Bambo, nthawi ikutha," anatero mkulu wa bandi. "Siyani yanuyo, yathu ili apo ndi yolumikiza kale. Kiyibodi ndi kiyibodi, si choncho?"

Apa munthu wanzeru akanaulula. Koma Akatswiri, ayi ndithu. Anakhala pa kiyibodi ya eni, n'kulowetsa fulashi mwakabisira, chigongono chitaphimba. Mkazi wake anagwira maikolofoni n'kumwetulira mwamuna wake. Batani linadinidwa.

Amayi ine! Nyimbo inayamba, koma osati imene anakonzekera. Pamene pamayenera kulira piyano panalira belu la telefoni. Besi inatuluka ngati kambalame, ndipo pa ng'oma pankamveka chitoliro chosadziwa kolowera. Woyimba gitala anabisa nkhope kuseri kwa gitala wake, mapewa akugwedezeka. Mayi uja anatsegula pakamwa kuti ayambe, koma poyambira panalibe.

Akatswiri mutu unaima. Anachotsa manja onse awiri pa makiyi n'kuyamba kudina batani ili, kudina ilo, kusakasaka pozimitsira. Atalephera anagwira kumutu. Koma nyimbo inkangopitirira yokha, telefoni kulira, kambalame kuyankha, woyimba kiyibodi manja ali kumutu! Holo yonse inafa nacho chiseko.

Mkulu wa bandi yekha sanaseke. Ananyamuka, n'kuzula fulashi ija, n'kuiika m'dzanja la Akatswiri.

"Ndiye woyimba ndi fulashiyi, eti? Bambo, ndiyimbireni mzere umodzi wokha ndi zala zanu, mayiwa ayimbe."

Akatswiri anayang'ana makiyi aja ngati akuwaona koyamba. Chala sichinatsike.

Mkuluyo anatembenukira kwa mayi uja. "Nanunso mayi, mwabwera kudzatipusitsa limodzi? Kapena mawu anunso ali mu fulashi? Pitani. Wotsatira!"

"Ine sindimadziwa, achimwene, ndimvereni kaye," mayiyo anadandaula misozi ili mbwembwembwe. Koma mtsikana wina anali atalandira kale maikolofoni, ndipo ntchito ija anaitenga ndi iyeyo.

Panja, Akatswiri anayamba kutukwana wogulitsa waya. Mkazi wake anamuyang'ana n'kunena motsitsa mawu kuti, "Bambo a ana, mukanangondiuza kuti simutha, ndikanakukondanibe. Lero mwandichotsa pamaso pa anthu ndisanayimbe liwu ngakhale limodzi." Akuti kuchokera tsiku limenelo mayiyo amachapa mwakachetechete, ndipo aneba amakweza wailesi mmene akufunira. Ine zimandipweteka mpaka lero.

Phunziro: Zida zoyimbira sizimvana zonse, choncho yesani waya ndi mawu pa zida za eni tsiku lisanafike, ndipo mverani amene amazidziwa. Koma chachikulu, chimene simutha nenani kuti simutha, chifukwa bodza lanu likhoza kuphera mwayi munthu wosalakwa amene amakudalirani. Musangowerenga nokha, tumizirani oyimba ndi Akatswiri onse amene muli nawo mu foni mwanumo.