Mapiritsi Achikasu a Bambo a Tadala

Kuyambira pamene mapiritsi achikasu a ziwengo anawachotsa m'magolosale n'kuwasungira odwala khansa ya m'mapapo okha, m'mudzi monse ankapezeka kwa a Kamwendo, bambo a Tadala, basi. Bambowa anakalambira mu utsi wowamba fodya, ndipo tsopano chifuwa chawo chinkalira ngati chitseko chadzimbiri.

Mango atachita maluwa, anthu anayamba kuyetsemula ndi kutupa, ndipo odzazonda matenda anachuluka. Mkazi wawo, Nagama, ankangoyamikira chikondi cha anthu. Koma tsiku lina pochokera kudimba, anakumana ndi mayi woyandikana naye, uja mwana wake anatupa maso, akutuluka m'nyumbamo atafumbata dzanja. Mayiyo anatsazika bwinobwino, koma zikomo sananene. Nagama anakayikira, pakuti mankhwala sathokoza, amati angasukuluke.

Anathamangira kuchipinda n'kugwedeza kabotolo ka mapiritsi aja. Sikanalire.

"Bambo a Tadala! Adokotala aja sanati musadumphitse ngakhale tsiku limodzi? Mukufuna kundisiyira chiyani ine?"

"Mwana uja maso atsekeka, mayi," anayankha akupumira m'mwamba. "Ndikanati palibe, botolo lili kumutu kwangaku?"

"Nanga ena aja apita kuti?"

Chifuwa chinawagwira, Nagama n'kuwachirikiza msana mpaka chinaleka. Kuchipatala sapereka ena mwezi usanathe, ndipo mwezi unali utangoyamba kumene.

Nagama anatuluka n'kukhala pakhonde, khasu likadali ndi matope pambali pake. Anayamba kukumbukira alendo onse amene anawayalira mphasa masiku amenewo. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anachoka atathokoza.